Musatchule Einsteinium Osatchula Elugelab

Pa tchati cha maelementi chimene chimapachikidwa m'makalasi a sayansi, mzere wapansi penipeni uli ndi kabokosi kolembedwa Es, nambala 99. Buku likafika pamenepo limadutsapo mothamanga. Limati chitsulo ichi sichipezeka m'nthaka, chimachita kupangidwa, anachitulukira ndi Albert Ghiorso ndi anzake a ku labotale ya ku Berkeley, ku America, mu 1952, ndipo anachitcha einsteinium polemekeza Albert Einstein. Palibe bodza pamenepa. Koma nkhaniyi aichapa kwambiri moti yasuluka. Einsteinium anamutola m'phulusa la chilumba cha eni ake, eni akewo atathamangitsidwa zaka zisanu m'mbuyomo, ndipo ine ndikuti aliyense wophunzitsa kapena wolemba za chitsulochi alibe ufulu wodumpha mbali imeneyi.

Pa 1 November 1952 dziko la America linaphulitsa bomba lake loyamba la haidrojeni ku Enewetak, m'zilumba za Marshall, pakati pa nyanja ya Pacific. Analitcha Mike. Silinali bomba loti ndege n'kunyamula. Chinali chimakina cholemera matani oposa 70, chomangiridwa m'chinyumba chake, chokhala ndi zoziziritsira kuti haidrojeni wolemera amene anali m'kati mwake akhalebe wamadzimadzi. Enewetak ndi mkombero wa tizilumba pafupifupi 40 tozungulira dziwe lalikulu la madzi a m'nyanja, ndipo chimakinacho anachiika pa kachilumba ka kumpoto kotchedwa Elugelab. Chitaphulika chinatulutsa mphamvu yofanana ndi matani 10.4 miliyoni a TNT, kuposa bomba la ku Hiroshima maulendo pafupifupi 700. Pamene panali Elugelab panatsala chidzenje cha pansi pa madzi, chotambalala makilomita pafupifupi 2 ndi kuzama mamita 50. Gordon Dean, yemwe anali wapampando wa bungwe la boma loona za nyukiliya, anangouza Eisenhower, yemwe anali atangosankhidwa kukhala pulezidenti wa America, kuti chilumba cha Elugelab chasowa.

Mtambo usanabalalike, ndege zankhondo za mtundu wa F-84 zinatumidwa kuti zilowe m'kati mwake. Kumapiko kwake anamangirirako mapepala osefera kuti agwire fumbi. Mmodzi mwa oyendetsa ndegezo, Kaputeni Jimmy Robinson, sanabwerere. Zipangizo zolondolera njira zinasokonezeka, mafuta anamuthera, ndipo ndege yake inagwera m'nyanja atatsala pang'ono kufika pabwalo. Mapepala a anzake ndiwo anafika ku labotale ya mabomba ya ku Los Alamos. Kumeneko akatswiri anapeza mtundu wa plutonium umene sunali kudziwika, wolemera 244, ndipo Ghiorso atamva zimenezi ku Berkeley mtima unamudumpha.

Chimene chinamusowetsa tulo n'chosavuta kumvetsa. Pakatikati pa atomu pali mapulotoni ndi manyutironi. Chiwerengero cha mapulotoni ndicho chimanena kuti atomuyo ndi ya elementi iti: akakhala 92 ndi yureniyamu, akakhala 94 ndi plutonium. Yureniyamu amene anakutira bomba lija anali wolemera 238, kutanthauza mapulotoni ndi manyutironi ake tikawaphatikiza. Kuti pabadwe chinthu cholemera 244, ndiye kuti atomu imodzi inameza manyutironi 6 nthawi imodzi, isanapeze mpata wophwasuka. Ghiorso anadzifunsa kuti ngati ena anameza 6, kulibe amene anameza 10 kapena 15? Atomu ikakhuta manyutironi choncho sikhazikika. Nyutironi imodzi imasanduka pulotoni n'kulavula elekitironi, kenako ina, kenako inanso, ndipo kusanduka kulikonse kumaikweza sitepe imodzi pa tchati chija. Yureniyamu amene wameza manyutironi 15 amalemera 253. Manyutironi 7 akasanduka, mapulotoni amachoka pa 92 kufika pa 99.

Anapempha chidutswa cha pepala lija. Anachisungunula, madziwo n'kuwathira m'kachubu kodzaza ndi timibulu ta utomoni. Maelementi olemerawa amafanana kwambiri khalidwe moti kuwalekanitsa n'kovuta, koma akamatsika m'kachubu kotere amatuluka motsatizana, wolemera kwambiri patsogolo. Dontho lililonse ankalilandira pa kambale kake, kuliumitsa, n'kuliika pa makina owerenga cheza. Madontho ena amene anatuluka californium, elementi 98, asanayambe kutuluka anaonetsa cheza champhamvu ya 6.6 MeV, chimene panalibe elementi yodziwika imene inkachitulutsa. Umu munali mu December 1952. Maatomu onse amene anapereka umboniwu anali ngati 200 basi. Pofuna ochulukirapo anaitanitsa matanthwe a ku Enewetak omwe fumbi linagwerapo, ndipo m'menemo, kumayambiriro kwa 1953, anapezamo elementi 100, imene anadzaitcha fermium polemekeza Enrico Fermi, yobadwa kwa yureniyamu amene anameza manyutironi 17.

Luso limeneli sindikulinyoza ayi. Kuzindikira chinthu chatsopano kuchokera ku maatomu 200, pamene kadontho kamodzi ka madzi kali ndi maatomu oti munthu sangamalize kulemba maziro ake mosasokoneza, ndi ntchito yoti munthu aivulire chipewa. Ndipo chitsulocho pachokha n'chodabwitsa. N'chofewa, chotuwa ngati siliva, chimasungunuka pa madigiri 860, ndipo kulemera kwake kukuyandikira kwa kopa. Koma sichilola kuti munthu achiphunzire modekha. Mtundu wolemera 253, womwe ndi wosavutirapo kupanga, theka lake limatha pa masiku 20 ndi theka. Tsiku lililonse magawo atatu pa 100 aliwonse amasanduka berkelium, ndipo berkelium ameneyo amadzasandukanso californium, moti katswiri akamayeza lero, mawa m'kabotolo mwake muli zinthu zina zimene sanaziitane. Cheza chake n'chochuluka moti chitsulocho chimawala chokha mumdima, chimadzitenthetsa chokha, ndipo maatomu ake sakhalitsa pamzere chifukwa amagumulana okhaokha. Galamu imodzi ikanatulutsa kutentha kwa mawati pafupifupi 1,000, kungoti palibe amene anasonkhanitsapo galamu yathunthu. Mtundu wokhalitsa kuposa yonse, wolemera 252, theka lake limatha pa masiku 472. N'chifukwa chake ngakhale dziko likanakhala kuti linabadwa ndi einsteinium, bwenzi atatha kalekale.

Anthu anadikira mpaka 1961 kuti apeze kochuluka koti n'kuyeza pa sikelo, ndipo kanali manano galamu 10 okha (nano galamu ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni a galamu). Lero kochepa kamene kamapezeka kamachokera makamaka ku ng'anjo ya nyukiliya ya ku Oak Ridge, m'chigawo cha Tennessee. Mu 2021 gulu la Rebecca Abergel ku Berkeley, mogwirizana ndi a ku Los Alamos, linalengeza kuti layeza kwa nthawi yoyamba kutalika kwa mgwirizano wa atomu ya einsteinium ndi maatomu oyandikana nayo, pogwiritsa ntchito manano galamu pafupifupi 200 a mtundu wolemera 254. Mliri wa Covid utatseketsa malabotale, kachitsulo kawo kankangothabe, osadikira kuti zitseko zitsegulidwe. Zaka zoposa 70 chitulukiridwe, tikungoyamba kumene kuchidziwa.

Ntchito yake pa moyo wa tsiku ndi tsiku palibe. Sichilowa m'mankhwala a m'chipatala, sichiyatsa magetsi. Chinathandiza mu 1955 pamene a ku Berkeley anatenga maatomu ake pafupifupi biliyoni imodzi n'kuwawomba ndi helium m'makina a cyclotron, n'kupanga maatomu 17 a elementi 101, mendelevium. Kachidutswa kena kanapita ku mwezi mu 1967 pa chombo cha Surveyor 5, kukathandiza kuwongola chipangizo choyezera dothi. Zathera pomwepo.

Tsopano eni chilumba. Mu July 1947 bungwe la United Nations linapereka zilumba za Marshall m'manja mwa America kuti iziyang'anira, ndipo panganolo linanena momveka kuti America iteteze thanzi la anthuwo komanso iwateteze kuti asataye malo awo ndi chuma chawo. Chaka chomwecho chisanathe, mu December, anthu onse a ku Enewetak, omwe sankafika 150, anakwezedwa sitima n'kukatsitsidwa ku Ujelang, mkombero wina wa tizilumba. Ujelang anali wopanda anthu, ndipo panali chifukwa chake: nthaka ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi kwawo, yamiyala, dziwe lophera nsomba laling'ono. Sitima zobweretsa chakudya zinkatha miyezi osaoneka. Makoswe ankadya kokonati. Njala inakula moti mu 1967 anthu ambiri anakwera m'sitima ya boma imene inabwera kudzaona dera, n'kukana kutsika, ati atengedwe achoke. Anakhala ku Ujelang zaka 33. M'zaka 10 zoyambirira za nthawi imeneyo, kuyambira 1948 mpaka 1958, kwawo kunaphulitsidwa mabomba a nyukiliya 43, mwa 67 amene America inaphulitsa m'zilumba za Marshall.

Ena anena kuti ndikusakaniza zinthu. Ati bomba silinaphulitsidwe pofuna elementi yatsopano, linaphulitsidwa chifukwa cha mpikisano wa zida ndi Soviet Union, ndipo Ghiorso anangotola zimene zinagwa kale. Zoona, ndipo ine sindikumuimba mlandu wosamutsa anthu. Koma munthu amene wapindula ndi kugumulidwa kwa nyumba ya mnzake, ngakhale sanagumule ndi iye, akamaonetsa alendo chimene anatola pabwinjapo amayenera kunena kumene anachitola. Komanso malabotale atatu amene analimbirana ulemu wa kutulukiraku, Berkeley, Argonne ndi Los Alamos, sanali alendo ongodutsa. Onse ankadya ndalama za bungwe lomwelo la Gordon Dean, ndipo Los Alamos ndiyo inapanga bombalo. Pepala losefera lija silikanafika m'manja mwa munthu wakunja kwa mpanda.

Ena anena kuti chidziwitso chimene chinatuluka n'chenicheni ndipo n'chopindulitsa anthu onse. Apa ali ndi mfundo yolemera, ndipo sindiichepetsa. Mike asanaphulike, palibe amene anaonapo atomu ikumeza manyutironi ambirimbiri m'kanthawi kosakwana kuphethira kwa diso. Akatswiri a nyenyezi anatolapo phunziro. Mu 1957 Margaret ndi Geoffrey Burbidge, William Fowler ndi Fred Hoyle analongosola mmene maelementi amapangikira m'nyenyezi, ndipo imodzi mwa njira zimene anafotokoza ndi yomweyi ya kumeza manyutironi mothamanga, imene imatipatsa golide ndi yureniyamu. Fumbi la ku Elugelab linali umboni woti zoterezi zimachitikadi. Komabe funso langa silakuti chidziwitsocho n'chabodza. Funso ndi lakuti analipira ndani. Phindu linapita kwa anthu onse, ngongole inagwera mabanja ochepa amene sanafunsidwe n'komwe.

Ndipo pali chinthu china chimene okonda kunena kuti "popanda bomba sitikanamudziwa einsteinium" amachiiwala. Zotsatira za Mike zinali chinsinsi cha asilikali, chifukwa aliyense wodziwa kuti yureniyamu anameza manyutironi 17 akanatha kulota mmene bombalo linapangidwira. A ku Berkeley anali ndi mantha kuti ena awapitirira n'kutenga ulemu wopereka dzina, ndipo mantha awo sanali opanda pake, chifukwa ku Stockholm akatswiri a Nobel Institute anali atayamba kale kuwomba yureniyamu ndi okosijeni kufunafuna elementi 100. Ndiye anachita chiyani? Anapanga maelementi omwewo m'njira zosabisika. Anawomba yureniyamu ndi naitirojeni mu cyclotron, anaika plutonium m'ng'anjo ya nyukiliya ku Idaho kuti amwe manyutironi pang'onopang'ono, ndipo mu 1954 anasindikiza zotsatirazo, n'kungoikapo kamawu koti pali ntchito ina yam'mbuyo imene sinatulutsidwe. Pasanathe zaka ziwiri, einsteinium anapezeka popanda chilumba chilichonse kusowa. Bomba linangofulumizitsa ndi miyezi yowerengeka chinthu chimene chinali kale panjira. Chizolowezi chofotokoza nkhaniyi mopanda fumbi chinayambira pomwepo, chinsinsi chikadali lamulo. Lamulolo linachotsedwa mu 1955, koma chizolowezi chinatsala.

Njira ya bombayo inayesedwanso, ndipo inakanika. M'zaka za m'ma 1960 America inaphulitsa mabomba angapo pansi pa nthaka ku Nevada, ena okonzedwa mwadala kuti atulutse manyutironi ochuluka kuposa a Mike, poyembekezera kuti m'miyala yosungunukayo mupezeka maelementi olemera kuposa 100. Lomaliza lalikulu, lotchedwa Hutch, linaphulika mu July 1969. Sanapeze elementi yatsopano ndi imodzi yomwe. Chifukwa chake chinadziwika: atomu ikafika pa fermium wolemera 258 imang'ambika pakati sekondi isanathe n'komwe, makwerero n'kuthyokera pomwepo. Maelementi onse kuyambira 101 mpaka 118 anapangidwa m'makina owombetsa maatomu, mwakachetechete, imodziimodzi.

Chotsutsa chachitatu ndi chimene ndimachimva kawirikawiri: kalasi ya kemisitiri si kalasi ya mbiri yakale, tchati ndi cha mapulotoni, osati cha madandaulo. Amene amanena izi ayang'anenso tchaticho. Americium, berkelium, californium, dubnium, darmstadtium, hassium, livermorium, moscovium, nihonium, tennessine: onsewa ndi mayina a mayiko, zigawo ndi mizinda kumene kuli malabotale. Curium, lawrencium, seaborgium, oganesson ndi mayina a anthu. Kumunsi kwa tchaticho ndi chipilala chachikumbutso, ndipo amene anasankha oti akumbukiridwe anachita kusankha. Pa nthawi ya mpikisano wa America ndi Soviet Union anakangana zaka zoposa 20 pa mayina a maelementi 104 ndi 105, mpaka bungwe la IUPAC, lovomereza mayina a maelementi, linagamula mu 1997. Anthu sakangana choncho pa zinthu zimene amaziona ngati manambala chabe. Mbiri ili kale m'kalasimo. Chimene chikusowa ndi mbali ya amene sanakhale nawo pa tebulo posankha mayina.

Mayina awiri amene anasankhidwawo ali ndi chinthu chowawa m'kati mwake. Anawalengeza ku Geneva mu August 1955, pa msonkhano wokambirana za kugwiritsa ntchito nyukiliya mwamtendere, eni mayina onse atamwalira: Enrico Fermi mu November 1954, Einstein mu April 1955. Mu October 1949 Fermi ndi Isidor Rabi analembera boma kuti bomba la haidrojeni ndi chinthu choipa mulimonse mmene munthu angachionere, ngakhale kuti Pulezidenti Truman atalamula mu January 1950 kuti lipangidwe, Fermi anapita ku Los Alamos kukathandiza masamu ake. Einstein analankhula pa wailesi yakanema mu February 1950 kuchenjeza kuti chida chimenechi chingathe kuwononga mpweya wa dziko lonse ndi kufafaniza moyo, ndipo kutatsala masiku ochepa kuti amwalire anasayina chikalata cha Bertrand Russell chodandaulira mayiko kuti asiye nkhondo. Dzina la munthu ameneyu ndilo linamatidwa pa chinthu chotoledwa mu mtambo wa bomba lomwe ankalikana. Sindikukhulupirira kuti Ghiorso ndi anzake anachita izi mwachiwembu, ankangofuna kulemekeza akuluakulu awiri a sayansi. Koma zotsatira zake n'zakuti mwana akaona Es amaganiza za nkhalamba ya tsitsi lanyankhalala yokonda mtendere, saganiza za Ujelang.

Sindikupempha kuti dzina lisinthidwe. Lakhazikika, ndipo kulisintha sikungabwezere aliyense kokonati ngakhale mmodzi. Chimene ndikupempha n'chochepa kwambiri moti kukana kwake kumandidabwitsa: ziganizo ziwiri. Buku, nyumba yosungiramo zakale, kapena labotale imene imanyadira maelementi ake pa tsamba lake, ikanena kuti einsteinium anapezeka m'fumbi la bomba, ipitirize kunena kuti bombalo linafafaniza Elugelab, ndiponso kuti eni ake anali ku Ujelang chifukwa anachotsedwa ndi boma lomwe linalonjeza kuwateteza. Mphunzitsi amene ali ndi nthawi yofotokoza kuti chizindikiro cha chitsulochi poyamba chinali E chisanakhale Es ali nayonso nthawi ya ziganizo ziwirizi.

Wina angafunse kuti bwanji kukumba zakale. Mlandu suwola, ndipo uwu sunazengedwe n'kutha. Kuyambira 1977 mpaka 1980 asilikali a America pafupifupi 4,000 anatumidwa kukayeretsa Enewetak. Anapala dothi loipitsidwa m'tizilumba tingapo, analisakaniza ndi simenti, analithira m'chidzenje chimene bomba lina la mu 1958 linasiya pa kachilumba ka Runit, n'kuvindikira ndi chivindikiro cha konkire chochindikala masentimita 46. Pansi pa dzenjelo sanayalepo kanthu. Ndi thanthwe lobowokabowoka, ndipo madzi a m'nyanja amalowa ndi kutuluka m'munsimo mafunde akamakwera ndi kutsika. Anthu anabwerera mu 1980, koma kum'mwera kokha, chifukwa tizilumba ta kumpoto, kuphatikizapo Enjebi komwe kunali mudzi wa ena mwa iwo, sitinayere mokwanira. Runit ndi woletsedwa mpaka lero, ndipo nyanja ikukwera.

Pa pangano la mu 1986 America inapereka madola 150 miliyoni ngati chipukutamisozi cha zonse zimene mabomba anachita m'zilumba za Marshall, n'kunena kuti nkhani yathera pomwepo. Bwalo lomwe linakhazikitsidwa ndi pangano lomwelo linaunika mlandu wa Enewetak ndipo mu 2000 linagamula kuti anthuwo akuyenera kulandira madola oposa 340 miliyoni chifukwa cha malo amene anataya, mavuto a ku Ujelang ndi ntchito yoyeretsa imene yatsala. Thumba la bwalolo linali litatsala pang'ono kuuma, moti zimene linawapatsa pa chigamulocho sizinafike ngakhale gawo limodzi pa 100. Anakasuma ku makhoti a ku America, mlandu unakanidwa, ndipo mu 2010 khoti lalikulu kwambiri la dzikolo linakana kuumva.

Einsteinium yense amene Mike anapanga anatha zaka zochepa bombalo litaphulika, palibe atomu yake imene yatsala ku Enewetak. Chimene chili pansi pa konkire ya ku Runit ndi m'matope a dziwe lija ndi plutonium wolemera 239, ndipo theka lake limatenga zaka 24,100 kuti lithe.